Mayi Kamodzi ndi Kabotolo Kapepo

Akulu anga ankabaya anthu ndi singano tsiku lonse, anthuwo n'kumachoka akuthokoza. Ine ndimaluka tsitsi, ndipo palibe mutu umene unachokapo m'manja mwanga osadandaula kuti ndakoka kwambiri. Ndiye muone nokha mmene Mulungu anagawira manja mokondera m'banja mwathu.

Ntchito yawo inali yotenga magazi kuchipatala. Kachipinda kawo kanali pakona, moyandikana ndi labu. Munali mpando umodzi wokhala ndi potsamiritsa mkono, sinki yodontha, ndi thireyi ya timabotolo ta zitsekerero zamitundumitundu, tofiira, tapepo, tobiriwira. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka madokotala, onse ankangoti Mayi Kamodzi, chifukwa singano yawo inkalowa kamodzi basi. Mtsempha ubisale chotani, kaya ndi wa khanda kaya wa munthu wonenepa ngati ine, iwo ankangosisita ndi chala, maso ali kudenga ngati akumvetsera nkhani ya kuseri kwa khoma, kenako uzingoona magazi ali m'jekeseni. Azimayi ankalolera kukhala pamzere mpaka masana, kukana wobaya wina, kuti mwana wawo agwiridwe ndi iwowo.

Dzinali silinabwere lokha. Akulu anga anayamba ngati wokolopa m'mawodi, amuna awo atamwalira n'kuwasiyira kamwana kamodzi kakakazi. Tsiku lina kamwanako katadwala kwambiri, anaonerera akukabaya m'mikono, m'miyendo, mpaka kukameta m'mutu pofunafuna mtsempha, iko kakulira mpaka kusasa mawu. Pomwepo analumbira. Anabwerera kusukulu ali ndi imvi zoyamba, kukhala pabenchi limodzi ndi atsikana oti akanatha kuwabereka, mpaka anasiya mopu n'kugwira singano. Mawu awo anali amodzimodzi: "Mwana sabayidwa kawiri ine ndili pompo." Koma musanamizidwe ndi nkhope yofatsayo. Pankhani ya dzina lawoli anali onyada koopsa. Ukayerekeza kuwauza kuti apa mwaphonya, ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, iwe n'kuyamba kupepesa wekha.

Kamwana kaja kanakula n'kukhala mphunzitsi. Ine ndimangoti mwana wathu, poti wa akulu ako ndi wako, ndipo iye amanditchula amayi aang'ono. Mwana wathuyu ankafuna chinthu chimodzi moyo wake wonse, nyumba yodzaza ana. Kukula yekha kunamupweteka. Ali wamng'ono ankandandalika mabotolo a mafuta anga a tsitsi pakhonde, kuwapatsa mayina, n'kumawakalipira kuti asamenyane. Atakwatiwa ndi makaniko wina wofatsa, asanagule n'komwe bedi looneka bwino, anakapangitsa kwa kalipentala chitebulo chachikulu cha mipando eyiti. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Iwe, ukutsegula lesitilanti kodi?" ndinamufunsa.

"Sekani, amayi aang'ono," anatero. "Tsiku lina mudzasowa pokhala pano, mudzadyera pansi."

Woyamba anabadwa wamkazi, mwa opareshoni. Tinamutcha Wailesi, chifukwa atangoyamba kulankhula sanasiyenso, ngakhale m'tulo ankafunsa mafunso. Ali ndi zaka zitatu, Wailesi anazima mwadzidzidzi. Anali matenda oumitsa khosi. Anakomoka m'manja mwa mayi ake, maso atatembenuka, mano atalumana. Mulungu ndi wamkulu, anachira. Koma tisanamalize n'komwe kuthokoza, chibayo chinamugwetsanso. Apa n'kuti mwana wathu ali ndi pakati pena.

Dokotala wa ana, mayi wodekha wamagalasi, anati zimachitika, komabe akufuna atsimikize chinthu chimodzi. Anatifotokozera kuti magazi ukawasiya m'botolo amaundana, pamwamba n'kutsala madzi achikasu. M'madzi amenewo muli mphamvu yophera tizilombo toyambitsa matenda, koma pali anthu ena ochepa amene amabadwa alibe mphamvu imeneyo. Kuti adziwe, amatumiza madziwo ku labu yaikulu yakutali, komwe amawasakaniza ndi tizilombo n'kuona ngati tizilomboto tife.

Ndani wina akanabaya Wailesi agogo ake ali moyo? Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinkagwira miyendo. Mwana anali atawonda, timikono ngati timitengo ta maswiti. Akulu anga anasisita, kuyang'ana kudenga, kulowetsa singano, kamodzi monga mwa masiku onse. Koma magazi anatuluka ochepa, kenako mtsempha unakana. Timabotolo tinali tiwiri. Kapepo kanali kowerengera magazi pachipatala pomwepo, kofiira kanali kopita kutali kuja. Kapepo kanadzaza, kofiira kanangonyowa kunsi.

Akulu anga anayang'ana kofiirako, anayang'ana Wailesi akusisima. Kenako anatsegula kapepo, kupungula theka n'kuthira m'kofiira, kutseka, basi.

"Zimaloledwa zimenezo?" mwana wathu anafunsa.

"Magazi ndi magazi, mwananga, onse ndi a munthu mmodzi," anatero akulu anga. "Ufuna ndimubayenso?"

Ine mpaka ndinawaombera m'manja. Ndinati, "Achemwali, inu ndi dolo!"

Zotsatira zinachedwa, ndipo zitabwera, dokotala uja anaitanitsa makolo onse awiri. Ati madzi a m'magazi a Wailesi sanaphe kachilombo ngakhale kamodzi. Osati kuti mphamvu inali yochepa ayi, munalibiretu. Ati zikatere nthawi zambiri chimakhala chobadwa nacho, chochokera kwa bambo ndi mayi omwe, ndipo mwana wina aliyense amene angabereke akhoza kubwera nacho. Anawonjezera kuti akufuna kudzayezanso mwana akabwerera m'thupi, asanatsimikize chilichonse. Koma munthu ukamva mawu oyamba ngati amenewo, achiwiri salowanso m'khutu.

Tonse tinagwira pakamwa. Nyumba ija inasanduka wodi. Wailesi anamusiyitsa sukulu ya mkaka, mapiritsi tsiku lililonse, alendo kuthera pakhonde, nsapato panja, paliponse fungo la mankhwala okolopera. Ine amene ndimatsokomola ndikaseka, ndinkamuonera pawindo. Kenako mwana wathu anatiuza zimene waganiza. Poti achiranso mwa opareshoni, wapempha madokotala kuti akatulutsa khanda, amutsekeretu pomwepo, asadzaberekenso.

Ndinaloza chitebulo chake chija. "Iweyo? Nanga chitebulochi?"

"Amayi aang'ono, inu munaona maso a Wailesi atatembenuka? Ine ndinawaona. Ndibereke ana oti ndiziwaonerera akukomoka mmodzimmodzi? Awiriwa andikwana."

Mwamuna wake anamunyengerera kuti adikire kuyeza kwachiwiri. Dokotala anamuuza mosabisa kuti kutseka si chitseko choti mawa udzatsegule. Mwana wathu anati safuna kung'ambidwa kachitatu, zithere pamodzi. Khama ndi lachibadwa kwathu, ndipo ameneyu anatengera mayi ake ndendende. Akulu anga nawonso anagwirizana naye. Anati mwana akunena zoona, iwo aonapo ana ambiri akuvutika.

Ndiye tsiku lina m'mawa, ndili pakati poluka mayi wina, mbali imodzi yatha ina ili nyankhalala, ndinangoona akulu anga atulukira pakhomo la saluni ali mu yunifolomu. Munthu woti sanajombepo ngakhale tsiku limene anazula dzino.

"Achemwali, kwagwanji? Kuntchito kuli sitiraka?"

Sanaseke. Anakhala pampando wa pansi pa dulaya, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Mng'ono wanga, ndalakwa."

Chipeso chinandigwa m'manja. Chibadwire changa mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo kuchokera pakamwa pamenepo.

Anafotokoza motsitsa, osasamala n'komwe kuti pali mlendo. Ati sabata yapitayo kunabwera katswiri wa ku labu yaikulu ija kudzaphunzitsa otenga magazi onse. Anabwera ndi timbale tiwiri tapulasitiki tovindikira. M'timbale tonse tiwiri anali atafesamo tizilombo tosakaniza ndi madzi a m'magazi a munthu mmodzi wathanzi, iye mwini. Kambale koyamba kanali koyera, tizilombo tonse titafa. Kachiwiri kanali mathothomathotho ngati buledi wochita chuku. Kusiyana kwake kunali kumodzi kokha: m'kachiwiriko anadonthezeramo pang'ono za m'kabotolo kapepo.

"Ati m'kabotolo kapepo muli mankhwala, dzina lake EDTA," anatero akulu anga. "Ntchito yake ndi kufumbata kashiamu wa m'magazi osamutaya, kuti magazi asaundane. Koma mphamvu yophera tizilombo ija nayonso siyenda popanda kashiamu ndi mnzake magineziamu. Ukawalanda awiri amenewo, asilikali a m'magazi amangoima ndi mfuti zopanda zipolopolo. Ngakhale magazi a munthu wamphamvu chotani, amaoneka ngati alibe kanthu."

Ndinakumbukira tsiku lija. Ndinaona dzanja lija likupungula, ndinamva ndekha ndikuomba m'manja.

"Mukutanthauza kuti Wailesi alibe vuto?"

"Sindikudziwa. Mwina ali nalo, mwina ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti zimene anayeza zija si magazi ake okha. Munali ndi dzanja langa."

"Zaka zonsezi simunkadziwa?"

"Ankatiuza kuti osathira kuchokera m'botolo lina kupita m'linzake, koma chifukwa chake sankanena. Ndinkayesa ndi malamulo a anthu a m'maofesi amene sanagwirepo mwana akulira. Ndinkachita mwa apo ndi apo, pa tiana tovuta mitsempha. Zotsatira zikabwera zachilendo, tonse tinkati makina a mu labu akalamba."

Pamenepo m'pamene mawu amodzi anandibwereranso m'khutu. "Imani kaye. Mwati sabata yapita? Ndiye masiku onsewa munali kuti? Mwana mwamuuza?"

Anagwetsa nkhope. Ati amafunafuna poyambira. Ati tsiku la opareshoni likadali kutali, amati apeze kaye njira yoti ayezetsenso mdzukulu mwakachetechete, zikadziwika ndiye alankhule. Ati mwana wawo akaimba foni amaopa kumuuza, moti chadzulo lake anangoizimitsa.

Abale inu, ndinapsa mtima. Ulemu wonse wa kwa akulu ndinauiwala. "Mwachita misala? Mwana akufuna kutseketsa chifukwa cha bodza la kabotolo kanu, inu muli kalikiliki kusamala dzina? Dzinalo mudzalibereka kumsana? Lidzakutchulani agogo? Zengerezu analinda kwaukwau, achemwali! Dzukani, tikupita pompano!"

Ndikuvula epuloni, foni yanga inalira. Anali mpongozi wathu makaniko uja, akupumira m'mwamba.

"Amayi aang'ono, amayi muli nawo pafupi? Foni yawo siikupezeka chiyambire m'bandakucha. Matenda ayamba msanga, nsupa inasweka. Panopa amulowetsa kale kufiyeta."

Ndinakuwa mpaka a sitolo yoyandikana nayo anatuluka. "Aletseni! Thamangani, kagogodeni, muwauze kuti asatseke! Atulutse mwana yekha, asatseke!"

"Bwanji? Chachitika n'chiyani?"

"Musandifunse, bambo, thamangani!"

Mayi amene ndinkamuluka uja anali atamanga kale mpango kumutu. Anati, "Pitani, mayi, tsitsi silithawa." Anatikankhira yekha panja n'kutiimitsira galimoto ya hayala.

Mwana wathu anali pachipatala china, cha kufupi ndi kwawo, mbali ina ya tauni. Msewu unali wothithikana. Ndinatukwana dalaivala, ndinatukwana maloboti, ndinatukwana wa njinga amene anatidutsa kutsogolo. Akulu anga ankangotsegula ndi kutseka zipi ya chikwama. Anayatsa foni yawo, ndipo mauthenga a mpongozi wathu anayamba kulowa motsatizana, uliwonse ndi kulira kwake, mpaka dalaivala anacheuka.

Tinamupeza mpongozi wathu m'khonde la kufiyeta, ali mu ovolosi, kuphazi silipasi zosiyana. Kungoona nkhope yake ndinadziwa. Ati anagogoda, anakuwa, mlonda anamugwira. Nesi anatuluka n'kumuuza kuti mwana ndi wamwamuna, ali bwinobwino, ndipo zimene mayi anapempha zachitika kale, akumaliza kusoka. Ati asanamugoneke anamufunsanso kawiri ngati akutsimikiza, iye anati inde.

Akulu anga anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, yunifolomu yoyera ija pasimenti. Manesi ena amene ankawadziwa anathamangira kudzawadzutsa. "Mayi Kamodzi, kodi ndi chimwemwe cha mdzukulu?"

Madzulo a tsiku lomwelo mwana wathu atatsitsimuka, tinalowa mu wodi. Khanda linali pambali pake, tsitsi lambiri, loti ine ndikanayamba kale kulinenera nthabwala tsiku lina. Akulu anga anagwada pambali pa bedi, mayi kugwadira mwana wobereka yekha, n'kunena zonse. Sanadzikometsere. Ananena za kabotolo, za timbale tiwiri, za foni.

Ndinkayembekezera kulira kapena kukuwa. Mwana wathu anangofunsa funso limodzi.

"Munadziwa liti?"

"Sabata yatha."

"Sabata yatha," anabwereza. "Lamulungu lapitali munali kwathu. Munandithandiza kupinda matewera."

"Inde, mwananga."

"M'mawa muja ndinakuimbirani ndekha, ndisanakwere galimoto. Ndimafuna mudzandigwire dzanja." Anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo sanatiyang'anenso mpaka tinatuluka.

Mawa lake akulu anga anapita okha kwa dokotala wa ana uja ndi kwa akuluakulu awo a kuntchito, kukadzinenera. Chipatala chonse chinachita kakasi. Anayamba kufufuza ana ena amene anadutsa m'manja mwawo, kuti amene akufunika ayezedwenso. Palibe anawachotsa ntchito, koma iwo anapereka okha makiyi a kachipinda kaja. Masiku ano amakhala pakhomo lolowera, kulondolera odwala koti apite. Anthu akawaitana dzina lija amadzidzimuka ngati apondedwa chala.

Tsiku loyezanso Wailesi tinapita tonse. Wobaya anali nesi wachitsikana, ndipo atazindikira amene aima kumbuyo kwake anachita mantha. Anabaya koyamba, anaphonya. Wailesi anakuwa. Anabaya kachiwiri, anaphonyanso. Ndinaona dzanja la akulu anga likunyamuka lokha, chala chija chosisitira chili patsogolo.

"Amayi, musiyeni," anatero mwana wathu, osakweza mawu. "Abaye mpaka apeze."

Anapeza kachitatu. Anadzaza kabotolo kofiira kokha, mpaka pamzere. Wailesi anatuluka ali ndi mapulasitala atatu, akufunsa kale kuti n'chifukwa chiyani magazi ndi ofiira pamene mitsempha ndi yobiriwira.

Zotsatira zitabwera, dokotala anatilandira akumwetulira, kenako anakumbukira, kumwetulirako n'kuzilala. Magazi a Wailesi anapha tizilombo tonse. Analibe vuto lililonse, matenda awiri aja anali tsoka chabe. Anasiya mapiritsi, anabwerera kusukulu ya mkaka, ndipo aphunzitsi ake akudandaula kale za phokoso. Mwana wathu anathokoza dokotala mwaulemu, kenako anafunsa ngati pali njira yomasulira pamene anatseka paja. Dokotala anavula magalasi n'kunena kuti ena amayesa, koma iye sangamulonjeze kanthu. Madzi akatayika saoleka, tonse tinamva ngakhale sananene choncho.

Panapita miyezi mayi ndi mwana osaonana. Ine ndinali pakati ngati mlatho, uku kunyamula moni, uku kubwera chimanjamanja. Akulu anga anawonda mpaka yunifolomu kuwakhwepa. Ndinawakwiyira, sindikana, ndipo mpaka lero ndikaganiza za foni yozimitsa ija mtima umandiwira. Komanso ndinkawamvera chisoni chosaneneka, chifukwa palibe amene ankakonda ana kuposa munthu ameneyu.

Kenako khanda litayamba kukwawa, mwana wathu anandiimbira. "Amayi aang'ono, Loweruka mubwere kudzadya. Muwatengenso amayi."

Akulu anga anasita diresi katatu. Tinafika, nsapato sanatiuzenso kuti tivule. Wailesi anawathamangira agogo ake n'kuyamba kuwaonetsa dzino logwedera. Chakudya chinali pachitebulo chija, chonse chitaunjikana mbali imodzi. Mpongozi wathu anakhala, Wailesi anakwera pampando wake, khanda lili pamiyendo pa mayi ake, ine ndinakhala pafupi nawo. Akulu anga anaima chapakhomo, chikwama chili pachifuwa, osadziwa ngati akhale kapena adikire kuuzidwa.

Mwana wathu anawayang'ana, kenako anayang'ana mbali ina ya tebulo ija, kumene sikunakhalepo munthu chilipangitsire.

"Khalani, amayi," anatero. "Sankhani pamene mukufuna. Mipando ilipo yambiri."